Kalavani ya pa Kamwendo

Kontirakitala anapita ndi magiredala ake mu Epulo,
nandisiyira makiyi, mulu wa miyala ya kwale,
ndi kalavani iyi yopanda matayala,
yokhala pa njerwa kuseri kwa msika wa Kamwendo.
Anati, "Londera, tibwera ndalama zikatuluka."
Uno ndi Juni.

Chitsulo sichidziwa chibale.
Masana chimandiwotcha ngati mbatata ya m'phulusa,
usiku chimaitana mphepo yonse ya ku Mwami
kuti idzagone nane.
Mpweya wanga womwe umasanduka mame kudenga
n'kundidonthera pachipumi tambala woyamba akamalira.

Silinda ya gasi ndimaidziwa ndi manja.
Ndimainyamula, kuigwedeza,
kuika khutu pamimba pake ngati mzamba,
kumvetsera ngati muli moyo.
Makilo asanu ndi limodzi, pamene ili yodzaza.
Kwa Sakala pa Boma akweza kawiri chidutsire Pasaka,
ndipo mtengo amalemba ndi choko, osati penti,
kuti asavutike pofufuta.

Magetsi ndinakoka kwa Velentina wa saluni,
waya wakuda wodumpha mpanda wa udzu.
Pangano linali babu limodzi ndi kutchaja foni.
Usiku wina chisanu chitandiluma m'mafupa
ndinalumikiza hita ya kampani, ya mizere iwiri yofiira,
ndinagona ngati bwana.
Kutacha mita inali italira kale,
mayunitsi a sabata yonse atapita,
amayi atatu ali ndi tsitsi lonyowa pansi pa dilaya yozizira.
Velentina sanakalipe.
Anangobwera ndi pulayala.

Mbaula ndinaiyesa kamodzi, mazenera otseka.
Ndinadzuka mutu ukugunda, miyendo isali yanga,
ndinakwawa, chitseko ndinatsegula ndi phewa.
Mnzanga wina wolondera sitolo ya feteleza
sanafike pachitseko.
Makala ndi otchipa, inde.

Madzulo amabwera Lufeyo wa kabaza,
jekete likununkha petulo wa m'zigubu.
Njinga yake yagona masiku anayi pamzere,
iye akuigonera pambali ngati wodwazika matenda.
Akuti ku Lilongwe anaona yoyendera batire,
yosalira konse,
imangokufikira kumbuyo mwakachetechete ngati ngongole.
Ndimati, "Magetsi akathima uidyetsa chiyani?"
Amati, "Dzuwa, mdala."
Amayang'ana denga la kalavani yanga,
maso akuyeza malo a masola atatu,
denga loti si langa, ndalama zoti alibe.

A Gwaza a chigayo sadikira za ku Lilongwe.
Amagula mafuta akuda otsala pachiwaya,
kusefa pa chitenje chakale, kusakaniza ndi dizilo.
Lole yawo ikadutsa msewu wonse umanunkha tchipisi,
agalu kuithamangira mpaka pamlatho.
Imatsokomola pachitunda, koma imakwera.
Iwo amati nzimbe nazo zimayendetsa galimoto,
mpendadzuwa, nsatsi,
ngakhale ndowe ukazitsekera bwino zimabala moto.
Ndinaseka nawo anthu pa bawo.
Koma usiku ndinalemba pa katoni ya sopo:
ng'ombe zingati, ndowa zingati, paipi yotalika bwanji.
Katoniyo ndinatsekera mng'alu wa pazenera.

Lero ndayatsa gasi mphindi khumi zokha,
maso pa wotchi.
Lawi labuluu layamba chikasu m'mphepete.
Ndawiritsa madzi, theka la tiyi,
theka ndathira m'botolo n'kuliveka sokosi,
ndaligoneka kumapazi ngati mwana.
Uthenga wa malipiro sunalowe.
Walowa wa Esinta, kwathu ku Kapiri:
ana ali bwino, mtedza akumba,
nanga inu mukufunda mokwanira?

Zala zikukana kupinda.
Ndalemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi,
"Kuno kukutentha, usadandaule."
Batire latsala mzere umodzi.
Panja lole ya a Gwaza ikudutsa mochedwa,
fungo la tchipisi likulowera pamng'alu paja,
pambali pa katoni.